Kalata kwa a George Osborne: mpeni simunautaye, mwangousintha dzanja

Olemekezeka a George Osborne,
Nduna ya Zachuma,
11 Downing Street, London.
Disembala 2015.

Bwana,

Ndikudziwa kuti Chichewa simumva, ndipo mwina kalatayi sidzafika n'komwe pa tebulo lanu. Ndailemba m'chinenero changa chifukwa ndi chimene ndimawerengeramo ndalama usiku ana akagona, ndipo nkhaniyi ndi ya ndalama zowerengera usiku. Chifukwa china n'chakuti anzanga ambiri ochokera kwathu, amene timakumana kutchalitchi Lamlungu ndi m'mabasi a m'mamawa, akhala akuyamikirana kuyambira pa 25 Novembala, tsiku limene munabweza ganizo lanu lodula thandizo la boma lotchedwa tax credits, kuti Mulungu wamva kulira kwathu, tax credits yapulumuka. Ndikufuna amve zimene ndikukuuzanizi, kuti asachotse msanga dzanja patsaya.

Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Leicester, ndipo ntchito yanga ndi yosamalira okalamba m'nyumba mwawo. Ndinachokera ku Malawi kalekale, mapepala anga ndi okhazikika, msonkho ndimapereka, chisankho cha mu Meyi ndinavota. Ndanena zimenezi poyamba kuti musayambe kundifunsa ngati ndili ndi pakamwa pa nkhaniyi.

Tsiku langa limayamba 6 koloko isanakwane. Gogo woyamba ndimamupeza asanadzuke. Ndimatsegula chitseko ndi kiyi wa m'kabokosi ka pakhomo, n'kuitana dzina lake ndili m'khonde kuti asadzidzimuke. Kenako kumutembenuza, kumusambitsa, kusintha zofunda ngati usiku sunayende bwino, kumupatsa mankhwala a m'kachipinda ka tsiku limenelo, kumuphikira phala ndi tiyi wa shuga mmodzi. Zonsezi m'mphindi 30. Amafuna kundiuza za mwamuna wawo amene anamwalira, ine diso lili pa wotchi chifukwa basi ya kwa gogo wachiwiri sidikira munthu. Pamapeto pa zonsezi, ola lililonse ndimalandira £6.70, omwe ndi malipiro otsikitsitsa amene lamulo likulola kuyambira mu Okutobala.

Abale amene akuwerenga ali kumudzi andilole ndifotokoze kaye chinthu ichi chotchedwa tax credits, chifukwa dzina lake limasocheretsa. Si ndalama za munthu wokhala chikhalire. Boma la Labour linaziyambitsa mu Epulo 2003, a Gordon Brown ali pa mpando umene mwakhalapowu. Zili mbali ziwiri: Working Tax Credit, ya munthu amene akugwira ntchito koma malipiro ake ndi ochepa, ndi Child Tax Credit, yolerera ana. Kholo limene likulera lokha ana liyenera kugwira ntchito maola osachepera 16 pa sabata kuti lilandire ya ntchitoyo. Banja la makolo awiri, maola 24. Tinene kuti boma linaona kuti malipiro a m'dziko muno ndi bulangete lalifupi, ukafunda kumutu mapazi ali pamtunda, ndiye linasokererapo chigamba.

Chigamba chimenechi ndi chimene munati muching'ambe pa 8 Julayi, mu bajeti yanu yoyamba chipani cha Conservative chitapambana chokha. Munati mupulumutse £4.4 biliyoni pa chaka. Njira zake zinali ziwiri, ndipo zonse ndi za manambala amene munthu wotopa sangawamve akamanenedwa pa TV. Pakalipano munthu amalandira tax credits yake yonse mpaka malipiro ake atafika £6,420 pa chaka. Akadutsa apo, pa paundi iliyonse yowonjezera boma limabweza 41p. Inu munati malirewo atsike kufika pa £3,850, ndipo zobwezazo zikwere kufika pa 48p.

Usiku wa tsiku limenelo ndinakhala pa tebulo la kukhitchini ndi cholembera ndi envelopu yakale ya bilu ya madzi. Ndikuuzeni zimene zinatuluka, mwina masamu anga mungawakonze. Maola 30 pa sabata pa £6.70 ndi £10,452 pa chaka. Pa malamulo a lero, boma limandidula £1,653 pa tax credits yanga. Pa malamulo anu atsopano likanadula £3,169. Kusiyana kwake ndi £1,516 pa chaka, pafupifupi £29 sabata iliyonse.

Kwa inu £29 mwina ndi nkhomaliro imodzi, ndipo sindikunena monyoza. Kwathu kuno £29 ndi kiyi wa mita ya magetsi ndi khadi la gasi. Nyumba yanga ndi ya mita yolipiriratu, monga mayunitsi a kwathu aja. Lachisanu ndimapita pa kagolosale ka pakona, n'kuika £15 pa gasi, £10 pa magetsi, yotsalayo mkaka ndi buledi. Mwana wanga wamng'ono anaphunzira kuwerenga manambala pa mita imeneyo. Amagwada m'kabati ya pansi pa masitepe ndi tochi ya pa foni n'kufuula kuti, "Amayi, kwatsala £2.40!" Ikatero timadziwa kuti hita iyaka ola limodzi lokha madzulo, kwinako aliyense avale juzi ziwiri. Kuno kuzizira si kwa Juni wa ku Dedza kumene umawotha moto wa zitsononkho n'kugona. Kumalowa m'makoma, n'kumera nkhungu pazenera, n'kukhala pachifuwa pa mwana mpaka Malichi.

Munatiuza kuti tisadandaule chifukwa mwatipatsa malipiro otsikitsitsa atsopano otchedwa National Living Wage, £7.20 pa ola kuyambira Epulo 2016, ndipo idzadutsa £9 pofika 2020. Mawu anu anali akuti dziko lichoke pa malipiro otsika ndi thandizo lambiri, lipite pa malipiro okwera ndi thandizo lochepa. Bwana, mfundo imeneyo ndimagwirizana nayo kuposa mmene mukuganizira. Palibe munthu amakonda mafomu. Palibe amakonda kudikira envelopu yakhaki ya ku boma mtima uli phaphapha. Tsiku limene malipiro anga adzakwane okha, ndidzavina chimtali pakati pa msewu. Koma tabwererani ku envelopu yanga ija. Kuwonjeza 50p pa ola, maola 30, masabata 52, ndi £780 pa chaka. Pa paundi iliyonse ya ndalama imeneyo, 48p ikanabwerera kwa inu kudzera ku tax credits, 12p ku msonkho wina wa pa malipiro wotchedwa National Insurance. Yotsala m'thumba mwanga sikanafika £320. Ndiye kuti dzanja lamanja limandipatsa mazana atatu, lamanzere likutenga chikwi chimodzi ndi theka. Munanenanso monyadira kuti malire oyambira kudula msonkho akwera kuchoka pa £10,600 kufika pa £11,000. Ine malipiro anga sanafike n'komwe pa £10,600. Mwandichotsera katundu amene sindinasenze.

Ndipo malipiro atsopanowo ndi a anthu a zaka 25 kupita m'tsogolo. Mtsikana wa zaka 23 amene timasinthana naye mashifiti, yemwe ali ndi mwana kumsana ngati ine, sawaona. Woyendetsa takisi, wometa tsitsi, mayi woluka tsitsi m'nyumba mwake amene amadzilemba yekha ntchito, sawaona. Si ine ndekha ndinawerenga chonchi. Akatswiri a Institute for Fiscal Studies, amene si achipani chilichonse, ananena poyera kuti kukweza malipiroko sikungakwirire dzenje limene mumakumba, ndipo mabanja pafupifupi 3 miliyoni akanataya ndalama zoposa £1,000 pa chaka.

Chimene chinandiwawa kwambiri si masamuwo ayi. Pa 30 Epulo, kutatsala sabata imodzi kuti tivote, Nduna Yaikulu a David Cameron anaima pamaso pa anthu ku Leeds pa pulogalamu ya Question Time. Atafunsidwa ngati adzadula Child Tax Credit, anayankha kuti safuna kuchita zimenezo. Ndinaonera ndekha, ndikusita mayunifolomu a ana. Chipani chanu chinali chitanena kuti chidzadula £12 biliyoni pa thandizo la boma, koma nthawi yonse ya kampeni simunafune kutchula kuti mpeni udzagwera pati. Anthu ambiri ogwira ntchito anaganiza kuti mukunena ena, aja mumati amagona makatani ali otseka anzawo akupita kuntchito. Ife odzuka mdima ulipo tinkayesa tili mbali yotetezeka ya chiganizo chimenecho. Patangotha miyezi iwiri tinadzipeza kuti ndife ndiwo.

Zimene zinatsatira mukuzidziwa kuposa ine. Pa 15 Sepitembala aphungu a House of Commons anavomereza. Kenako anthu anayamba kuwerenga monga ndinawerengera ine, ndipo phokoso linakwera mpaka m'chipani chanu chomwe. A Heidi Allen, phungu watsopano wa South Cambridgeshire, anagwiritsa ntchito mawu awo oyamba m'nyumba ya malamulo kudzudzula ndondomeko yanuyo. Pa 26 Okutobala a House of Lords anaimitsa zonse, motsogozedwa ndi a Baroness Meacher ndi a Baroness Hollis. Ndinaseka ndekha usiku umenewo. Taganizani, mayi wochapa matewera a okalamba kupulumutsidwa ndi nyumba ya anthu osasankhidwa, ena a iwo olowa ufumu wa makolo awo, pamene aphungu amene tinawavotera anali atagwedeza kale mutu. Yankho la boma silinali kufunsa kuti talakwitsa pati, koma kutuma a Lord Strathclyde kuti akaone mmene angadulire mapiko nyumba imeneyo.

Ndiye pa 25 Novembala munaimirira n'kunena kuti mwamva madandaulo a anthu, ndipo m'malo mochita pang'onopang'ono, mwangozisiya zonse. Munati zatheka chifukwa a Office for Budget Responsibility, bungwe lolosera za chuma cha boma, apeza kuti chuma cha boma chili bwino ndi £27 biliyoni kuposa mmene ankaganizira. Ndikuthokozeni apa, chifukwa kwathu mwana wosayamika samupatsanso. Mu Epulo £29 yanga ikhalapo. Sindichepetsa zimenezo, ndipo si nduna iliyonse imabwerera m'mbuyo anthu akuona.

Komatu ndinamvetsera mpaka kumapeto. M'mawu omwewo munanena kuti tax credits ikutha kale chifukwa anthu onse akusamukira ku Universal Credit, ndipo munatsimikiza kuti £12 biliyoni ija muipezabe yonse. Apa mpamene ndinaika kapu pansi. Ngati ndalamayo muipezabe, ndiye ichokera kuti? Ng'ombe ikapulumuka kwa wogula uyu koma mwini wake akuti ngongole abwezabe ndi nyama, ng'ombeyo isavine.

Universal Credit, ntchito ya manja a nduna ya zantchito ndi penshoni a Iain Duncan Smith, ikuphatikiza tax credits ndi mathandizo ena monga a lendi kukhala chinthu chimodzi. Nayonso ili ndi malire a ndalama imene munthu angapeze boma lisanayambe kubweza, ndipo kumeneko zobwezazo ndi 65p pa paundi. Malire amenewo munawadula mu bajeti yomweyo ya Julayi, ndipo mu Novembala simunawakhudze. Kuyambira Epulo 2016, kholo lolera lokha ana limene sililandira thandizo la lendi malire ake atsika kuchoka pa £734 pa mwezi kufika pa £397. Werengani: kusiyana kwake ndi £337, ndipo 65p pa paundi iliyonse ya ndalama imeneyo ndi £219 pa mwezi. Kholo limene limalandira la lendi, malire ake achoka pa £263 kufika pa £192. Munthu wopanda mwana komanso wopanda chilema malire alibiretu, adzayamba kudulidwa pa paundi yoyamba. Mpeni ndi womwewo, Bwana. Mwangouchotsa m'dzanja limene makamera amaona n'kuuika m'dzanja la kumbuyo.

Mudzati amene adzasamutsidwe ndi boma adzatetezedwa kuti asataye kanthu pa tsiku losamukalo. Ndamva. Koma chitetezo chimenecho ndi cha munthu amene moyo wake waima malo amodzi mpaka kalata yosamutsa ifike. Moyo wa anthu ngati ife suima. Ukwati umatha, wina amapeza mwamuna, ntchito imatha kampani ikaluza kontrakiti ndi khonsolo, mwini nyumba amagulitsa nyumba n'kukupatsa miyezi iwiri. Kusintha kotere kukakukankhira ku Universal Credit nthawi yako isanakwane, umalowa ngati mlendo, pa mitengo yatsopano. Zimene zikanachitika tsiku limodzi mu Epulo, dziko lonse likuona, tsopano zidzachitika khomo ndi khomo kwa zaka zingapo, aliyense akulira payekha, osadziwa kuti mnzake wa nyumba yachitatu akuliranso chomwecho. Pamenepo sipadzakhala Baroness woimirira.

Pali china chimene sichinamveke n'komwe chifukwa sichichita phokoso. Mwaimitsa mathandizo a anthu a msinkhu wogwira ntchito kwa zaka zinayi kuyambira Epulo 2016: tax credits, Child Benefit (ndalama ina ya boma ya pasabata yolerera ana) ndi ena. Child Benefit ya mwana woyamba ikhala pa £20.70 pa sabata, ya otsatira £13.70, mpaka 2020. Chaka chino mitengo ya zinthu sinakwere kwenikweni, ndiye palibe akumva kuwawa. Koma ife ochokera kumene kwacha imagwa timadziwa mmene ndalama yoima imaonda. Pepala limakhala lomwelo, nambala yomweyo, koma thumba la kumsika likupepuka mwezi ndi mwezi. Ndani angalumbire kuti lendi, basi ndi nsapato za sukulu zidzaima zaka zinayi kudikira ife? Pa 25 Novembala munalengeza kuti penshoni ya okalamba ikwera ndi £3.35 pa sabata kufika pa £119.30. Sindichitira nsanje agogo anga, ndimaona ndekha mmene ena amazimitsira hita kuopa bilu. Ndikungofunsa kuti ngati mukuvomereza kuti ndalama ya gogo iyenera kuyenda ndi nthawi, n'chifukwa chiyani ya mwana wa amene amasambitsa gogoyo iyenera kuima?

Tsopano ndifike pamene pakundisowetsa tulo. Kuyambira Epulo 2017, mwana wachitatu ndi otsatira ake sadzawerengedwa. Gawo la mwana mmodzi pa Child Tax Credit ndi £2,780 pa chaka. Mwana wachitatu wobadwa kuyambira mwezi umenewo gawo lake ndi zero. Mabanja oyamba kumene adzatayanso £545 ya pabanja. Izi simunabweze, ndipo zili mu Welfare Reform and Work Bill imene ikuyenda m'nyumba ya malamulo panopa. Chifukwa chimene munapereka n'chakuti mabanja olandira thandizo aziganiza kaye asanabereke, monga amachitira amene amadzidalira okha.

Bwana, mawu amenewa ndi osalala, koma tiyeni tiwaike pa mbale. Choyamba, ambiri olandira tax credits ndi anthu ogwira ntchito, choncho mzere umene mukujambula pakati pa "odzidalira" ndi "olandira" ukudutsa pakati pa munthu mmodzi yemweyo. Ine ndili mbali zonse ziwiri. Ndiyeno mukuganiza ngati munthu amadziwa mawa lake pa tsiku limene akubereka. Kutchalitchi kwathu kuli banja la ana atatu. Bambo ankagwira ntchito yabwino m'fakitale, mayi ndi namwino wothandizira. Pamene ankabereka wachitatuyo sankalandira kanthu ku boma kupatula Child Benefit, ndipo masamu awo anali olondola. Msana wa bamboyo unavulala, ntchito inatha. Iwowa anagwa m'nthawi yabwino, ana onse atatu akuwerengedwa. Banja longa limeneli likadzagwa mu 2018 ndi khanda lachitatu m'manja, mudzaliuza kuti chiyani? Kuti likanalota?

Ndipo amene adzalipire si amene anasankha. Mwana sapempha kubadwa wachitatu. Komanso musaganize kuti njalayo idzagwera iye yekha, ngati kuti mayi angaphike nsima ya ana awiri wachitatu n'kumayang'ana. Ndalama ya ana awiri idzagawidwa patatu, ndiye kuti mwalanga onse. Kwathu timati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo sindinamvepo mfumu ikuwerenga ana a m'mudzi mwake kuti uyu ndi wa ife, uyu ndi wa ife, uyu adzionere yekha. Ine ndine wachisanu kubadwa m'nyumba mwathu. Amayi akanatsatira masamu anu, gogo wa 6 koloko uja akanasowa womutembenuza.

M'chikalata cha bajeti yanu muli kachiganizo kena kamene phungu wa Glasgow Central, a Alison Thewliss, anakatola n'kukaonetsa dziko: kakuti boma lidzakonza njira yotetezera amayi amene mwana wawo wachitatu anabwera chifukwa chogwiriridwa. Ndayesa kuona m'maganizo mmene zimenezi zidzachitikire. Mayi adzakhala pampando, kutsogolo kwake munthu wachilendo ndi fomu, ndipo kuti mwana wake adye, adzayenera kufotokoza chinthu chimene mwina sanauzepo ngakhale mayi ake omubala. Nanga ngati wogwirirayo ndi mwamuna wake yemwe, amene akumudikira panja m'galimoto? Lamulo likafika pofuna khomo lotere kuti lioneke lachifundo, vuto si khomolo, ndi nyumba yonse.

Mudzandiuza kuti ndalama kulibe, ngongole ya dziko ndi yaikulu. Sindikana kuti boma liyenera kuwerenga, nane ndimawerenga. Koma bajeti ndi chisankho, ndipo ya pa 8 Julayi inasankha. Momwemo munatsitsa msonkho wa makampani kuchoka pa 20 peresenti kufika pa 19 mu 2017, kenako 18 mu 2020. Momwemo munakonza zoti banja lidzathe kusiyira ana ake chuma chofika £1 miliyoni, kuphatikizapo nyumba, popanda msonkho wa chuma cha masiye. Ndiye kuti mwana wachitatu wa mwini nyumba yaikulu mwamukumbukira, gawo lake la cholowa mwalikulitsa. Mwana wachitatu wa wokolopa m'nyumba imeneyo ndiye mwati makolo ake akanaganiza kaye. Ndipo £27 biliyoni itangotulukira mu Novembala, tinaona tonse kuti "kulibe" uja anali wosunthika.

Ngati mukufunadi kuti tax credits ichepe, yambirani kumene imachokera. Ndalama imeneyi kwenikweni imathandiza olemba ntchito amene salipira zokwanira, ndipo m'ntchito yanga wolemba ntchito weniweni kuseri kwake ndi boma lomwe. Makhonsolo ndi amene amagula chisamaliro cha okalamba ku makampani, ndipo kuyambira 2010 ndalama zimene makhonsolo amalandira kuchokera ku London zadulidwa kwambiri. Khonsolo ikafinyidwa imafinya kampani, kampani imafinya ife. N'chifukwa chake kuli maulendo a mphindi 15 oti munthu adye, amwe mankhwala ndi kupita kuchimbudzi. N'chifukwa chake ambiri a ife nthawi yoyenda kuchoka nyumba ina kupita ina sitilipidwa. Kampani ina imene ndinagwirako kale inkandilemba maola asanu ndi limodzi pa tsiku limene ndinachoka panyumba 6 m'mawa n'kubwerera 9 usiku. Maola enawo ndinali pa siteji ya basi, kapena m'laibulale kuthawa mphepo kudikira ulendo wamadzulo. Mwalola makhonsolo kukweza council tax, msonkho wa pa nyumba, ndi 2 peresenti kuti athandizire chisamaliro cha okalamba. Koma msonkho umenewo umatoleredwa zambiri kumene kuli nyumba zodula, pamene okalamba osauka ambiri ali kumene kuli nyumba zotchipa, ndipo enafe tidzaulipira kuchokera pa £7.20 yomweyo.

Ndisanamalize ndinene za anzanga amene kalatayi sikuwakhudza chifukwa alibe n'choti adulidwe chomwe. Amalawi ambiri kuno, pamodzi ndi anzathu a ku Zambia ndi Zimbabwe, mapepala awo ali ndi chidindo choletsa kulandira thandizo lililonse la boma. Amagwira mashifiti omwewo, ena awiri pa tsiku, amapereka msonkho ndi National Insurance, koma tax credits saidziwa kukoma kwake. Ndimawatchula chifukwa pa nkhanizi pamamveka mawu akuti alendo anabwera kudzadya za eni dziko. Bwerani pa siteji ya basi 5 koloko m'mawa mudzaone amene aima pamenepo. Ndipo abale akumudzi amene amaganiza kuti kuno mapaundi timathyola mumtengo amve: chaka chino, madzi atasefukira mu Januwale kenako mvula n'kudula msanga, mafoni opempha chimanga sanasiye kulira, ndipo £30 imene ndimatumiza ikapezeka imachokera pa mita ya pansi pa masitepe ija. Malo ogawira osowa chakudya a bungwe la Trussell Trust okha anagawa maphukusi a chakudya cha masiku atatu opitirira miliyoni imodzi m'chaka cha 2014 mpaka 2015, m'dziko lino lomwe. Ndinaperekezapo mnzanga kumeneko. Anavala yunifolomu ya kuntchito, ndipo njira yonse ankayang'ana pansi kuopa kukumana ndi wa kutchalitchi.

Zopempha zanga si zambiri. Bwezerani malire a Universal Credit pamene anali, kuti zimene munanena pa 25 Novembala zikhale zoona kwa amene adzabwere pambuyo pathu, osati kwa ife tokha amene tinachita phokoso. Chotsani lamulo la ana awiri bilu isanakhale lamulo. Nthawi ilipo, palibe mwana amene wabadwa kale pansi pake. Ndipo ngati mukukhulupiriradi kuti malipiro adzakwera mpaka thandizo lisafunikenso, yambani ndi malipirowo. Akakwera, tax credits idzatsika yokha, chifukwa ndi mmene inapangidwira: 41p pa paundi iliyonse imabwerera kwa inu popanda wina kulira. Munthu sagwetsa nyumba yaudzu njerwa za yatsopano zikadali m'chikombole.

Mu Malichi mudzaimanso pakhomo la nambala 11 ndi kabokosi kofiira ka bajeti kaja, makamera akuthwanima. Ine nthawi imeneyo ndidzakhala ndili kwa gogo wa masana, amene amakonda kutsegula TV mokweza chifukwa makutu anatha. Ndidzamvetsera ndikupukuta mbale. Envelopu ija ndaisunga m'dirowa ya masipuni, ndipo kumbuyo kwake kudakali malo olembapo.

Ndine wanu,
Mayi wosamalira okalamba,
Leicester, Disembala 2015.